Makala Oumba ndi Dzanja Limodzi

Matenda anawagwira a Hezekiya ali pamchenga kusoka ukonde, dzuwa lisanayambe kuwotcha. Anzawo anangoona singano yagwa, munthu n'kupendekeka ngati ngalawa yolemera mbali imodzi. Kuchipatala cha ku Metangula anati ndi sitiroko. Moyo unatsala, koma dzanja lamanja linabwerera ku Nkholongue lili lende, mwendo ukukhwekhwereza pansi, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu amene ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Mkazi wawo, Yudita, anawadziwa ali mnyamata ku Likoma, kumene makolo awo anathawira nthawi ya nkhondo. Atabwerera kwawo anamanga pamalo omwewa, pansi pa mtengo wa mango umene unali usanayambe n'kubereka komwe. Zaka zonsezo Yudita sanawaonepo amuna ake atakhala pakhonde masana opanda chochita. Tsopano ankakhalapo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, maso ali kunjira.

Njirayo inali ya kunkhuni. Mitengo ya pafupi inatha kalekale, ndipo amene akufuna nkhuni zouma ankayenera kukwera phiri. Yudita ankanyamuka kukacha n'kubwera dzuwa lili pamutu, khosi litalowa m'mapewa. Tsiku lina a Hezekiya anadzuka kuti amutule mtolo monga ankachitira kale. Mwendo unakana. Anagwa onse awiri, nkhuni n'kumwazikana pabwalo.

"Mwapweteka, bambo a Zuleica?"

A Hezekiya anayang'ana nkhuni zija, kenako mapazi a mkazi wawo osweka zidendene.

"Ndasanduka chitsa," anatero pang'onopang'ono. "Chitsa n'chabwino, mukanasonkhera moto."

Mawuwo anamukhala Yudita pamtima mlungu wonse, mpaka anawatula pafoni kwa Zuleica, mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa ku Lichinga. Mwezi usanathe Zuleica anatsika shapa, kaminibasi konyamula anthu, pamsewu atanyamula thumba. M'menemo munali shuga, sopo, ndi chinthu chimene makolo ake sanachimvetse: paipi yachitsulo yaifupi, yotakata ngati kapu, ndi mtengo wosema wolowa bwino m'kati mwake.

"Amai akwathu kuja akuumba makala," anatero Zuleica. "Amati mabirikete. Sadula mtengo ayi. Mapesi, zitsononkho, mitengo ya chinangwa, bango louma, zonse zimene timangotentha kumashamba tikamasosa minda. Atate, ntchito yake ndi yokhala pansi."

Anawaphunzitsa kuseri kwa nyumba. Anadzaza mitengo ya chinangwa youma mumgolo woboola pansi, nayatsa. Utsi unatuluka woyera, wochindikala ngati thonje.

"Muziyang'ana utsi, atate. Ukayamba kupyapyala, vundikirani, mumate ndi dothi. Mukafulumira mupeza mitengo yosapsa, ndipo makala ake afuka m'maso mwa amai. Mukachedwa mupeza phulusa lokhalokha."

Mgolo utazizira anasinja makalawo mumtondo, nasefa. Anaphika phala lamadzimadzi la ufa wa kondowole, nalithira likadali lofunda, nakanda mpaka zonse zinada mofanana. Kenako anatapa dzanja limodzi n'kufumbata.

"Madzi akadontha, achuluka. Mukatambasula dzanja n'kuyoyoka, achepa. Zizigwirana chonchi basi." Anaika mupaipi, nalowetsa mtengo uja, namenya ndi chibonga mwamphamvu, nakankha. Kunatuluka khala lozungulira, losalala, lolemera m'manja. "Kumenyaku ndiye mwini nkhani. Ufa ukapanda kupanikizika, mkati mumatsala mphepo."

A Hezekiya analitenga ndi dzanja lamanzere, nalitembenuza, nalinunkhiza. M'mawa mwake, Zuleica akukwera shapa kubwerera, iwo anali kale pamtondo.

Kusinja anakutha atakhala pampando, munsi waufupi kudzanja lamanzere. Utsi anaudziwa msanga, pakuti munthu amene wakhala akuwerenga mitambo panyanja sasokonezeka ndi utsi wa mumgolo. A Jamalu, mnzawo wa paubwana amene ankapita ku Maniamba kukasinthanitsa usipa ndi chimanga, anayamba kuwabweretsera zitsononkho m'matumba. Nkhope ya a Hezekiya inkada bii, malaya nawo, ndipo Yudita ankachapa mosadandaula.

Chinavuta chinali kumenya. Paipi ankaipana ndi mawondo, koma bondo lamanja silinkagwira, ndipo dzanja lamanzere, limene moyo wonse linkangothandiza linzake, linkatopa msanga. Makala ankatuluka okongola akadali onyowa. Akauma, khala ukangolinyamula linkasweka pakati. Amene anafika pambaula ankayaka phuu ngati udzu, madzi asanawire moto watha.

"Phala lachepa," anatero a Hezekiya, ndipo anawonjezera. Makalawo anachedwa kuuma, ena anachita nkhungu, ndipo pamoto ankafuka ndi fungo la chinangwa chopserera. Anachepetsa phala, nawonjezera madzi. Anaphwanyika chimodzimodzi.

Masana ena, a Hezekiya atamwa mankhwala awo n'kukagona monga mwa masiku onse, Yudita anaima pathandala pamene panali makala a m'mawa umenewo. Anatola limodzi, likadali lofewa, nalifinya ndi chala. Chala chinalowa. Anayang'ana kukhomo. Kenako analiphwanyira mupaipi, nagwada, namenya ndi mkono umene unazolowera munsi kuyambira ali mtsikana. Khala linatuluka lolimba, ndipo atalifinya chala sichinalowe.

Anakhala nalo m'manja kanthawi. Akanatha kukawadzutsa n'kuwauza kuti vuto si phala, si madzi, ndi mkono. Koma anakumbukira mawu aja a chitsa. Anatenga nsalu yake yakale ya kapulana, naipinda pamwamba pa mtengo womenyera kuti chibonga chisamveke, napita kuseri kwa khitchini. Anawaumbanso onse, limodzilimodzi, nawabwezera pathandala monga anawapezera.

Makala amenewo atauma anali ena. A Hezekiya analigwetsa limodzi kuchokera m'chiuno monga Zuleica anawaonetsera, ndipo linangogubuduka osasweka. Pambaula linachedwa kugwira moto, koma litagwira linafiira mwakachetechete, lopanda utsi, mpaka nyemba zinapsa.

"Mai a Zuleica! Bwerani mudzaone!"

Anali asanaitanepo mokweza chotero chiyambire matenda. Madzulo ake anadya bwino, napempha ndiwo zina. A Jamalu atabwera anawaonetsa makalawo, nawafotokozera nthawi yaitali, mawu akupunthwa koma osaima. Yudita anamvetsera ali kukhitchini, mtima ukusangalala ndi kuopa nthawi imodzi.

Zinapitirira choncho. M'mawa a Hezekiya ankaumba, masana Yudita ankaumbanso. Kuphiri anayamba kupitako mwa apo ndi apo. Mapewa ake ankawawabe, koma tsopano chifukwa cha chibonga.

Tsiku lina ali chogwada kuseri kwa khitchini, chibonga chili m'mwamba, anamva kukhwekhwereza kwa phazi kumbuyo kwake. Sanatembenuke msanga. Anatsitsa chibonga pansi pang'onopang'ono.

"Ndimadabwa," anatero a Hezekiya, atatsamira ndodo. "Ndimathira kapu yodzaza, khala limatuluka lalitali ngati chikhatho changa. Ndikagona, ndikadzuka, lafupika. Ndinkati ndi dzuwa. Koma dzulo kunali mitambo, ndipo anafupikabe."

"Bambo a Zuleica..."

"Ndine mwana, Yudita?"

Sankamutchula dzina kawirikawiri. Yudita anayang'ana manja ake akuda.

"Munayambanso kudya," anatero motsitsa mawu. "Munayambanso kuseka. Ndikanatani ine?"

"Mukanandiuza. A Jamalu ndawanamiza. Ndinaima pabwalo pano n'kumadzitama ndi mkono wa mkazi wanga."

Anatembenuka, nabwerera kukhonde. Madzulo anadya pang'ono n'kukankha mbale. M'mawa mwake sanapite kumtondo, ndipo tsiku linalo chimodzimodzi. Ufa wa makala wosefasefa unakhala mubeseni mpaka nkhuku zinaupalasa. Yudita anatenga chingwe chake n'kukwera phiri. Ali m'njira analira pang'ono, kenako anakwiya, kenako anangotopa. Atabwera anatula mtolo yekha, ndipo amuna ake anayang'ana kumbali.

Panapita masiku angapo m'nyumba muli zii. Ndiye m'mawa wina Yudita pochokera kotunga madzi anapeza pakhonde palibe munthu, ndodo palibenso. Anafunsa kwa oyandikana nawo, ndipo anamuuza kuti awaona akutsikira kunyanja. Kuyambira tsiku la singano lija amuna ake anali asanapondeko pamchenga. Anasiya chidebe pakhomo, nathamanga mmene mawondo ake akanalolera.

Anakumana nawo panjira akubwera. Patsogolo panali a Jamalu atasenza mtengo wautali, wosalala chifukwa cha zaka za manja ndi zingwe. Kumbuyo a Hezekiya ankadzikoka ndi ndodo, chingwe cha ukonde chili m'khosi, thukuta lili kamukamu. Yudita anauzindikira mtengowo: unali mlongoti wa ngalawa yawo, imene inali chivundikire pansi pa mkuyu.

"Bondiya, mlamu," anapereka moni a Jamalu akupuma mwawefuwefu. "Amuna anuwa akuti akufuna kumanga ngalawa pamtunda. Ine sindikufunsa zambiri, ndangosenza."

A Hezekiya sanalankhule ndi mkazi wawo. Analozera a Jamalu kuti agoneke mlongoti tsinde lake likhudze thunthu la mango, cha m'munsi. Chingwe anamanga okha, ndi dzanja lamanzere ndi mano, mfundo yomwe ankamangira nangula. Pafupi ndi thunthu anaika mwala wafulati, pamwalapo paipi yodzaza, mtengo womenyera uli m'kati, ndipo mlongoti unagona pamwamba pa mtengowo. Nsonga yake inatsala m'mwamba, kutali.

Anayenda mpaka kunsongako, natembenuka, nakhalira.

Mlongoti unalira ngati uli panyanja. Paipi inatsetsereka, phala lakuda n'kuthovoka m'mbali, kuwathira a Jamalu kumaso ndi pachipewa chawo choyera. A Jamalu anatukwana m'Chiyao. Yudita anagwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno.

"Madzi achuluka," anatero a Hezekiya, osaseka. "Pomenya ndi dzanja zinkafuna zofewa. Apa zikufuna zouma. Ndipo paipi ikufuna woigwira." Anayang'ana pansi. Kenako anadzutsa maso. "Mai a Zuleica, ine sindingakhale kuno ndi uko nthawi imodzi. Inu muziika, muzigwira. Ine ndizikhalira. Koma poyera, osati kuseri kwa khitchini."

Yudita anamanga kapulana yake bwino m'chiuno, nawonjezera ufa wouma mubeseni, nakanda, nafumbata. Sipanadonthe kanthu. Anadzaza paipi, naigwira ndi manja awiri.

"Khalirani."

Anakhalira pang'onopang'ono. Mtengo unalowa, unalowabe, kupitirira pamene chibonga cha Yudita chinkalekezera. Timadontho tiwiri tinatuluka pansi pa paipi. A Hezekiya anakhalabe pamenepo akupuma, kuti ufa ukhazikike, kenako anadzuka. Khala linatuluka lalifupi kuposa onse, lonyezimira m'mbali, lolemera ngati mwala wa m'madzi.

"Ili ndiye lafupika ndili maso," anatero.

Sikuti zonse zinalongosoka tsiku lomwelo. Oyamba aja anawayanika pamchenga wotentha kuti aume msanga, ndipo pofika madzulo anali atang'ambika ming'alu kuyambira pamwamba. Yudita anaimbira Zuleica.

"Amai, ndinaiwala kukuuzani! Kunja kukauma msanga mkati mukadali madzi, limang'ambika. Ayambe pamthunzi podutsa mphepo, padzuwa apite pambuyo."

Anasamutsira thandala pansi pa mango. Pambuyo pake anapeza okha kuti ufa wosalala kwambiri, ukapanikizika ndi mlongoti, umalimba mpaka moto umavutika kulowa. A Hezekiya anayamba kusiyamo timisere pang'ono, ndipo analowetsa kamtengo pakati pa paipi kuti khala lililonse lizituluka ndi bowo lopumira. Anapezanso kuti popanikiza chotere phala lochepa limakwana, ndipo utsi unatheratu. Makala a zitsononkho ankakhalitsa pamoto kuposa a bango, choncho a bango anawasiyira tiyi, a zitsononkho nyemba. Pa zonsezi ankakangana. Yudita ankati phala lizikhala lotentha, a Hezekiya ankati lofunda likwana, ndipo aliyense ankaumba ake n'kuwaika mbali yake ya thandala kuti moto uweruze. Nthawi zambiri moto unkakomera Yudita, ndipo amuna ake ankati mbaula ili ndi tsankho.

Ntchito inapeza kayendedwe kake. Yudita akathira n'kugwira, ankati "Eya," iwo n'kukhalira. Mlongoti ukalira, iwo n'kudzuka, iye n'kukankha. Kudzuka ndi kukhala kosalekezako kunalimbitsa mwendo wamanja mpaka pabwalo anayamba kuyenda osagwira ndodo. Pakati pa "eya" ndi "eya" ankacheza. Anakamba za ku Likoma, za nyumba ya udzu imene inkadontha pamutu pa bedi, za mwana wawo woyamba amene anamuika kumeneko ndipo anali asanamutchule kwa zaka zambiri. Tsiku limenelo Yudita anagwira paipi misozi ikugwera mu ufa, ndipo a Hezekiya anakhala pansonga ya mlongoti nthawi yaitali kuposa mmene khala linkafunira.

Mvula yoyamba inabwera masana, mosachenjeza. Thandala linali lodzaza, ndipo ena anali padzuwa pabwalo, atatsala pang'ono kuuma. Yudita anali kusenda chinangwa pamene mphepo inatembenuka n'kubweretsa fungo la dothi. Atadzutsa mutu anaona nyanja yachita mdima, mvula ikuyenda pamadzi kulunjika kumudzi.

"Bambo a Zuleica, makala!"

Anathamanga ndi lichero, iwo ndi beseni. Madontho oyamba anali akuluakulu, ogunda ngati miyala. Iye ankawola ndi manja awiri, iwo ndi limodzi, beseni atalipanikiza pamimba. Ulendo wachitatu mvula inakhuthuka yonse. A Hezekiya anaterereka, nakhala pansi m'matope, beseni lili pamiyendo, ndipo m'malo modzuka anawerama n'kuliphimba ndi chifuwa.

"Siyani, dzukani!" anakuwa Yudita.

"Tengani beseni kaye!"

"Ndikutenga inu!"

Anawakoka m'khwapa, iwo osasiya beseni, mpaka anafika pakhonde akudontha madzi akuda. Anakhala pansi akupuma, akuyang'ana pabwalo. Makala amene anatsala kunja anayamba kusungunuka m'mphepete, timitsinje takuda tikutsikira kunjira. Aumbidwa dzulo anaphwasuka msanga. Ouma aja analimbikira kanthawi, kenako nawonso anagonja.

"Ntchito ya mlungu wonse," anatero Yudita.

A Hezekiya anamuyang'ana. Madzi a makala anali atamulemba mizere kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Anayamba kuseka, kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa kumene matenda anawasiyira, mpaka anatsokomola.

"Mukuseka chiyani? Mwadziona inuyo?"

Yudita analowa m'nyumba, natenga makala ouma a m'thumba, nayatsa mbaula pakhonde pomwepo. Anawavula amuna ake malaya onyowa, nawafunditsa bulangete, nawapukuta kumutu ndi kapulana youma. Kenako anatereka madzi a tiyi, nakhala pafupi nawo, mapazi onse anayi atalozetsa kumoto. M'makhitchini a oyandikana nawo munkatuluka utsi wa nkhuni zonyowa, ndipo kwinakwake mayi wina ankatsokomola akukolezera.

"Amai a kuseriko muwapatseko pang'ono," anatero a Hezekiya. "Ali ndi khanda."

"Mvula ikakata."

"Ndipo pakufunika chisakasa. Chotseguka m'mbali, mphepo izidutsa. Nsichi ndikapempha a Jamalu. Udzu tikamweta mawa."

"Mawa ndi Lamulungu."

"Ndiye mkuja."

"Mkuja ndikupita nanu kuchipatala kukatenga mankhwala."

A Hezekiya anayang'ana mvula.

"Tikabwerako," anatero. "Thirani shuga wambiri, ndazizidwa."